Dalaiva Watsopano ndi Phazi la Apongozi

Lolemba

Kutentha! Sopo wafewa yekha pawindo.

Ndilembe za dzulo ndisanaiwale, chifukwa sabata ino ndi imene ndikhale munthu kwawo kwa akazi anga.

Apongozi anga aamuna, bambo ake a mkazi wanga Tumpale, ndi Kingi wa gulu la mapenenga ku Ngara. Ndiwo amatsogolera mzere wa ovina, ndodo m'manja, zovala zoyera mbee, masokosi ofika m'maondo. Anayamba kuvina ine ndisanabadwe. Tsopano wachiwiri wawo, a Mwafongo, akunong'oneza anthu kuti phazi lamanzere la Kingi likumachedwa ng'oma. Kuno kuli bwino umunamizire munthu kuti waba ng'ombe kusiyana n'kumunena zimenezo.

Apongozi sanakalipe. Angoti: "Kanema alipo. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, tonse tionere pa makina a aphunzitsi. Phazi likapezeka likuchedwa, ndodo ndipereka."

Aphunzitsiwo ndine. Zaka zitatu m'banja, sanandiitanepo mwa njira ina. Akakwiya amawonjezera: aphunzitsi a ku Ntcheu. Ana awo amawati "mwanangu". Ngakhale thole la ng'ombe amaliti "mwanangu". Ine ayi. Zimandiwawa, ndisaname.

Kanemayo anajambula alamu anga a Lusekelo, ndi kamera yobwereka kwa mnzawo wa ku Tanzania. Kamera inabwerera kwawo. Fayilo ndi yaikulu moti foni iliyonse imaikana. Ili pa kompyuta yanga yokha.

Vuto ndi limodzi: pa kompyuta yanga kanemayo amadumphadumpha. Munthu wanyamula mwendo pano, ukaphethira ali kale uko. Gulu lonse ngati ziwala. Kanema wa ukwati wathu nayenso amatero, ndipo apongozi anamuonera mpaka kumapeto osanena kanthu.

Koma ndawerenga pa intaneti kuti mawa kukutuluka dalaiva watsopano wa galafiki kadi yanga. Dalaiva ndi kapulogalamu kamene kamauza kadi mmene ionetsere zithunzi. Wakaleyu ndi waulesi. Watsopanoyo akuti ndi moto.

Zimene ndikuyembekezera:
1. Kanema woyenda myaa, ngati mafuta.
2. Fani ya mkati isiye kulira ngati chigayo.
3. A Mwafongo achite manyazi.
4. Ahedi andipatse ntchito yokonza kanema wa tsiku lotsanzika a Fomu 4.
5. "Mwanangu."

Dzulo ndinaimirira pamaso pa gulu lonse n'kulonjeza kuti Lamulungu adzawerenga ngakhale zingwe za nsapato za Kingi. Anthu anaomba m'manja. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti anali kunyadira.

Lachiwiri

Mamawa: sanatuluke.
Pa buleki: sanatuluke.
Pakati pa phunziro la masamu, foni pansi pa desiki ngati mwana wa Fomu 1: sanatuluke.

Podikira ndikuwerenga zimene anthu akunja akulemba pansi pa chilengezo. Wina akulira kuti magemu ake akuyenda bwino koma akanatha kuyenda bwino koposa. Mavuto a anthu! Wina akuti dalaiva watsopano aliyense amakonza chimodzi n'kuwononga ziwiri. Ameneyo ndi wansanje.

Ndaweruka. Ndikukonzekera mlendo. Ndatsegula bokosi la kompyuta kuti ndichotse fumbi.

Zimene ndapeza mkati:
fumbi lokwanira kudzalamo chinangwa;
chisa cha mavu, eni ake kulibe, Mulungu ngwabwino;
mazira awiri a nalimata;
njere zitatu za mpunga, sindikudziwa kuti zinalowa bwanji.

Tumpale akuti: "Mumaisamala kuposa ine." Si zoona. Iye sindinamupezepo ndi chisa cha mavu.

Ndafufutiratu dalaiva wakale m'foda imene ndinkamusunga. Ndamutsanzika mokweza. Pita bwino, m'bale, zaka zonsezi wandichititsa manyazi okwanira.

Folo koloko: WATULUKA!

Ndalumikiza foni, ndayamba kudawuniloda. Kamzere kobiriwira kakuyenda. Kaima. Kayendanso pang'ono ngati kakuganiza kaye. Ndakweza foni pawindo. Ndaikweza pamwamba pa kabati. Ndaimangirira ku nsungwi yothyolera mango, Tumpale wagwirizira panja akutukwana m'Chinkhonde chimene sindinaphunzirebe.

Kamzere kafika pakati penipeni. Bandulo yatha.

Kompyuta ikuti ndiyambirenso. Ikulankhula mwaulemu kwambiri, ndicho chikundikwiyitsa.

Lachitatu

Nzeru! A Lusekelo amagwira ntchito yothandiza amalonda kuolotsa katundu ku Songwe, pa malire ndi Tanzania, ndipo mu ofesi mwawo muli intaneti yosatha. Ndauza ahedi kuti ndili ndi nkhani ya kubanja. Sindinaname.

Galimoto ya anthu asanu, tilimo asanu ndi anayi. Bondo la mayi wina lili m'nthiti mwanga. Fulashi ili m'thumba la pachifuwa, dzanja langa pamwamba pake ngati ndikuimba nyimbo ya fuko.

Tisanafike n'komwe pa mlatho, foni yandilandira ku Tanzania. Ine ndili pa dothi la Malawi, ndikudya chimanga chootcha cha Malawi.

A Lusekelo ali pa mafoni awiri, khutu ili Chiswahili, khutu ilo Chinkhonde, ine akundilozera mpando ndi chibwano. Ndalemba dzina la kadi yanga kuchokera m'mutu. Ndine mphunzitsi wa masamu, manambala anayi sangandisokoneze.

Zimene kwathu zinatenga madzulo onse, kuno zatha ndisanamalize soda. Ndatsala pang'ono kulira.

"Shemeji, muwaonetse a Mwafongo!" atero a Lusekelo, kunditchula mlamu m'Chiswahili. "Mdala wathu savina ndi miyendo, amavina ndi mtima."

Pobwerera ndakhala pakati pa matumba a mbatatesi ndi mabeseni apulasitiki. Ndikumwetulira ndekha. Mayi wa pambali wasuntha.

Kunyumba. Ndasamba m'manja. Ndalowetsa fulashi. Ndadina kuvomera zonse zimene sindinawerenge. Kompyuta yazima kuti iyakenso, monga mwa mwambo.

Yayaka. Fani ikulira. Kanyali kobiriwira kakuwala.

Sikirini ndi yakuda bii.

Mphindi khumi: bii.
Theka la ola: bii, koma tsopano ndikudziona nkhope mmenemo.

Ndatenga katoni imene kadi inabweramo, ndaona manambala. Awiri omaliza ndinawatembenuza. Ndapita mpaka kumalire a dziko kukatenga dalaiva wa kadi ya munthu wina.

Tumpale sanaseke. Wapita kukasekera kukhitchini, ndikumumva.

Lachinayi

Bii.

Ndaimbira a Lusekelo, ndawawerengera manambala katatu, nawo abwereza katatu. "Pole sana, shemeji." Ndiko kupepesa kwa pa malire. Akuti aika pa fulashi yawo, atumiza ndi galimoto ya masana.

Ndapeza njira yakumbuyo yoyatsira kompyuta ikadwala. Zilembo zikutuluka zikuluzikulu ngati za pa bolodi la Sitandade 1. Ndachotsa dalaiva wolakwika. Tsopano ndilibe watsopano, ndilibe wakale. Kadi ili ngati ng'ombe yopanda mbusa.

Ndiye panja pamveka belu la njinga. Apongozi! Abwera kuno kuboma la Karonga ndi mkoko wa nthochi zophika, akuti angodutsa. Munthu sangodutsa kuchokera ku Ngara.

Ndaphimba kompyuta ndi chitenje cha Tumpale, chija cha maluwa.

Akhala pampando. Ayang'ana chitenje.
"Makina ali uli, aphunzitsi?"
Ndati akupuma.
"Akudwala?"
Ndati pang'ono, koma pofika Lamulungu adzakhala bwino.
"Musawakakamize. Chinthu chikatopa chatopa."

Adya mbale ziwiri za mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, ndipo ndikulumbira, anali kuimba kanyimbo kapansipansi. Kuleza mtima kwa munthu ameneyu! Ndodo yake ili pachiswe chifukwa cha ine, koma alibe ngakhale liwu limodzi lowawa. Mtima wanga wasweka. Ndiyenera kumukonzera kanemayu zivute zitani.

Potuluka aima kaye pakhomo, akuti akuona mitambo. Kulibe mtambo ndi umodzi womwe.

A Mwafongo nawo atumiza uthenga: "Aphunzitsi, tamva kuti makina amatha kuyendetsa kanema pang'onopang'ono. Mukonzeretu zimenezo." Ndayankha kuti palibe vuto. Adzaona phazi la Kingi likutera pa ng'oma penipeni, pang'onopang'ono, kawiri ngati akufuna.

Fulashi yafika dzuwa litapendeka, yokulungidwa m'mapepala asanu ndi selotepi, m'jumbo ya anyezi. Ikununkha. Magetsi azima ndikumasula pepala lachinayi.

Lachisanu

Lero kulibe makalasi ammawa, ana ali ku masewero. Magetsi alipo. Ndawerenga manambala a pa katoni mokweza, Tumpale akutsimikizira ngati mboni.

Ndaika. Yazima. Yayaka.

ZATHEKA!

Ndafuula mpaka mayi wogulitsa mandasi wasuzumira pawindo kufunsa ngati kwabadwa mwana. Ndamuuza zonse. Ndamuuza kuti akauze anthu.

Kanema akuyenda myaa! Ndikuona fumbi likunyamuka pansi pa nsapato. Ndikuona thukuta pa mphuno ya woimba ng'oma. Mipango ikuuluka, mzere wonse ukutembenuka ngati munthu mmodzi. Fani yangoti zii. Zonse zimene analonjeza pa intaneti, achita. Woyamba m'mbiri ya dziko kulonjeza n'kuchita!

Nawa apongozi kutsogolo. Mutu chilili, ndodo m'mwamba. Akutembenuka.

Ndabwezera m'mbuyo.

Akutembenuka.

Ndabwezeranso. Mwina ndi maso anga.

Ndayendetsa pang'onopang'ono, monga anapempha a Mwafongo.

Phazi lamanzere likuchedwa. Pang'ono pokha, koma pa kutembenuka kulikonse. Mapazi onse a gulu atera, lawo likadali m'njira. Ndawerenga kasanu ndi kawiri. Ndipo pamene mzere ukubwerera, akuganiza kuti palibe akuwaona, dzanja likutsika n'kugwira bondo, nkhope yakwinyika, kenako akumwetuliranso kwa anthu.

A Mwafongo sanali kunama.

Tumpale waima kumbuyo kwanga, chipande m'manja. Waonera kamodzi kokha.
"Bondo limenelo linayamba chaka chatha. Amayi amalithowa ndi madzi otentha asanapite kovina. Sauza munthu."
Wabwerera kukhitchini. Ulendo uno sindikumva kuseka.

Ndiye kuti dzulo pakhomo paja sanali kuona mitambo.

Sabata yonse ndakhala ndikunola mpeni wochekera apongozi anga. Ndinakwera nawo galimoto mpeniwo, dzanja pachifuwa.

Sindinadye bwino. Kanemayo ndi wokongola kwambiri, ndipo ndikumuda.

Loweruka

Pulani yatsopano: kanema adumphenso.

Kufufuta fayilo sindingathe, onse adziwa kuti Kingi wathawa mlandu. Kudula malo otembenuka sindingathe, mapenenga onse ndi kutembenuka. Chofunika n'chakuti makina alephere pamaso pa anthu, monga akhala akuchitira mokhulupirika zaka zonsezi.

Zimene ndayesa:
1. Kutsegula mapulogalamu onse nthawi imodzi. Kanema: myaa.
2. Kutsegulanso kanema wa ukwati pambali. Onse awiri: myaa. Ndaona koyamba kuti pa ukwati wanga ndinaponda diresi la mkwatibwi.
3. Kufunditsa bokosi bulangete, masana a ku Karonga. Ine ndatuluka thukuta, iyo ayi.
4. Kuinyoza.

Dalaiva uyu ndi wabwino mopanda chifundo.

Ndiye ndibweze wakale. Batani lobwezera lilipo koma ndi lotuwa, silidinika. Foda ndinaifufuta Lachiwiri, ndi mawu otsanzika. Ku Songwe sindingapemphe, a Lusekelo afunsa chifukwa, ndipo pakamwa pawo ndi pa malire, chilichonse chimadutsa.

Sidi! Kadi inabwera ndi sidi m'katoni. M'katoni mulibe.

Tumpale akuti: "Si ija munapatsa a Gondwe?"

A Gondwe ndi aneba, amapalasa njinga yonyamula anthu. Sidi ija anaikhomera kumbuyo kwa njinga kuti iziwala galimoto zikamabwera. Ndawasaka kumsika, kudepoti, kuchipatala. Ndawapeza pa chigayo. Ndapempha sidi yanga. Andiyang'ana ngati ndikulanda mkazi. Tasinthana ndi sidi ya kwaya ya kwathu ku Ntcheu, akuti iyi ikuwala bwino koposa.

Sidi yanga ili ndi matope, mikwingwirima, ndi bowo la msomali m'mphepete. Ndaitsuka ndi mankhwala otsukira mano. Kompyuta yanga ilibe polowetsa sidi. Ndathamangira kusukulu, ndabwereka laputopu yakale ya mu ofesi imene imatenga nthawi ya phunziro lathunthu kuti iyake. Yalira, yakhosomola, yawerenga! Ndakopera pa fulashi.

Ndachotsa watsopano. Sindinamutsanzike, manyazi. Ndaika wakale, wakale weniweni, wa tsiku limene kadi inapangidwa.

Fani yayamba chigayo chake. Ndatsegula kanema.

Ziwala! Ziwala zokhazokha! Kuposa kale! Kingi ali kumanzere, Kingi ali kumanja, pakati palibe amene angalumbire kuti phazi linali pati.

Ndavina pabalaza. Ulendo uno mwakachetechete, windo lotseka.

Tumpale wandiikira mutu wa nsomba, umene nthawi zonse amadya yekha.

Lamulungu

Ku Ngara. Kompyuta yayenda pamiyendo panga, yokulungidwa m'chitenje cha maluwa. Tailumikiza ku TV yaikulu m'kalasi ya pasukulu ya pulaimale. Gulu lonse lilipo, akazi awo, ana pamawindo. Ahedi anga nawo abwera, akuti adzaone luso langa.

A Mwafongo akhala kutsogolo, avala magalasi.

Ndadina.

Chigayo. Ziwala.

Kenako mwana wina waseka pawindo, ndiye kalasi yonse yaphulika. Mayi wina wagwa pa benchi. Woimba ng'oma akufunsa ngati iyeyo ali ndi manja anayi.

A Mwafongo: "Koma tinamva kuti makina anachira Lachisanu! Wa mandasi anauza dziko lonse!"
Ndati anadwalanso.
"Yendetsani pang'onopang'ono!"
Ndayendetsa. Ziwala zokalamba.

Apongozi aimirira, ndodo m'manja. "Aphunzitsi a ku Ntcheu anatilonjeza zingwe za nsapato. Ine ngakhale nsapatoyo sindikuiona." Kuseka kwina. Ndayang'ana pansi. Manyazi ake ndi enieni, ngakhale munthu wawaphika yekha.

Mlandu watha wopanda umboni. Ndodo yakhala kwa Kingi. Ahedi andigwira paphewa, akuti za kanema wa Fomu 4 ndisadzivutitse, mphwawo ali ndi foni yabwino.

Pobwerera apongozi akuti andiperekeza kumsewu. Sanachitepo. Tumpale watsogola dala ndi amayi ake. Titangokhota pa nthochi, pamene anthu sakutiona, ayamba kutsimphina. Poyera, osabisa. Aika dzanja paphewa panga, ndipo akulemera.

"Mwendo ndi wanga, ndikuudziwa," atero. "Ndikufuna ndivine Khirisimasi iyi yokha. Ndodo ndidzapereka ndekha, osati kulandidwa."

Ayenda pang'ono, apitiriza:

"Mukudziwa chifukwa chake ndinasankha makina anu? Ndinaonera kanema wa ukwati uja. Ndinati, apa palibe amene adzaone phazi la munthu. Ndiye inu n'kuimirira, n'kuyamba za dalaiva! Sabata yonse chakudya sichinalowe bwino, kupatula Lachinayi."

Ndiye kuti munthu yekhayo amene anakhulupirirapo kompyuta yanga, anaikhulupirira kuti ilephera.

Pamsewu achotsa dzanja, awongoka, Kingi wabwerera. "Ndaga fijo, zikomo kwambiri. Makina amenewo asachire msanga, mwanangu."

Ndayang'ana kumbuyo ngati pali thole. Panalibe.

Zotsatira za sabata:
1. Kanema wa myaa: ndinamuona tsiku limodzi, sindingauze munthu.
2. Fani: chigayo.
3. Manyazi: anga.
4. Ntchito ya Fomu 4: yapita.
5. Chachisanu chatheka.

Kuyambira lero mpaka Khirisimasi ndine mphunzitsi wa kompyuta yakufa, kuchokera ku Ngara mpaka ku Songwe. Ana a pawindo aja ayamba kale kuyenda modumphadumpha akandiona.

Ndafika kunyumba, ndailumikiza, ndayatsa. Pakona patuluka kauthenga kaulemu: pali dalaiva watsopano, kodi ndikufuna kumuika tsopano?

Ndadina "nthawi ina". Ndaiphimba chitenje.